Mwiche Akana Kuchepa

1. Mtsikana wa "Ee"

M'Mtendere monse munalibe mtsikana wosavuta kutuma ngati Mwiche Sampa. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ankaphunzira giredi 10. Ukamuuza kuti akatunge madzi pomwe wangotula kumene chigubu china, ankati, "Ee." Mnzake akamulanda kope la notsi mawa lake kuli mayeso, ankati, "Ee, tenga chabe." Kondakitala wa minibasi akamupanikiza kuti akhale wachisanu pampando wa anthu anayi, Mwiche ankangodzipinda.

Amayi ake, amene ankagulitsa tomato ndi repu pamsika, ankauza anzawo kuti, "Uyu mwana wanga alibe pakamwa." Ankanena monyadira.

Chaka chimenecho msuweni wake Chilekwa ankakwatiwa. Ukwati wa mu Lusaka suyenda popanda layinapu, gulu la atsikana ndi anyamata ovala zofanana amene amalowa m'holo akuvina patsogolo pa mkwati ndi mkwatibwi. Mayi wowaphunzitsa masitepe a gule amatchedwa matroni. Matroni wa ukwati wa Chilekwa anali ba Betty, mlongo wa malemu bambo ake a Mwiche, mayi wa mawu aakulu amene sankazolowera kuyankhidwa.

Kutatsala milungu khumi kuti ukwati uchitike, mtsikana wina wa layinapu, Elesi, anasamukira ku Kabwe ndi makolo ake. Diresi lake linali litasokedwa kale. Nsalu inali itatha, ndipo m'sitolo ya ku Kamwala kumene anaigula munalibenso ya mtundu umenewo.

"Mwiche azalowa pamalo pa Elesi," anatero ba Betty. Sanamufunse mwini wake.

Anamuveka diresilo pabalaza, atsikana onse akuona. Elesi anali wamtali, woonda. Mwiche anatengera thupi la amayi ake, chiuno chachikulu ndi mapewa odzaza. Zipi inakwera mpaka pakati pa msana n'kuima. Ba Betty anakoka. Inakana. Anamupanda ndi chikhatho pachiuno.

"Ma! Vonse ivi ni vako? Umadya na manja yabili, iwe?"

Atsikana anaseka.

"Mvela. Diresi silikula, na nsalu yatha. Uli na masabata teni. Uchepeko."

Diresi linkamuthina mpaka kupuma kunkavuta. Zipi inali itamutsina khungu. Mawu anali kale pa lilime: likundithina, mulikulitse. Koma anatuluka ndi omwe aja a masiku onse.

"Ee, ba Anti."

2. Kusala kosatha

Lolemba Mwiche sanamwe tiyi. Madzulo anakankha mbale yake.

"Nikusala kudya, bamayo. Nikupemphelela mayeso na ukwati wa ba Chilekwa."

Amayi ake anali mayi wa mapemphero, wa tchalitchi cha m'tenti kuseri kwa msika. Anakondwa kwambiri. Lamlungu anaimirira pamaso pa mpingo n'kuchitira umboni kuti mwana wawo wayamba kusala yekha, popanda womuuza. Azimayi anaomba m'manja. Wina analuluta.

Mlungu unatha, koma kusala sikunathe. Kunyumba Mwiche ankati wadya kusukulu. Kusukulu ankati wadya kunyumba.

Pa mlungu wachinayi zipi inatseka. Vuto likanakhala diresi lokha, nkhani ikanathera pomwepo. Koma Mwiche sanabwerere ku mbale. Anali atapeza chinthu chimene anali asanakhalepo nacho: malo amodzi oti akanena kuti ayi, palibe womukalipira. Ba Betty akamunyoza pa masitepe, ankati "ee," madzulo n'kukana chakudya. Mnzake akamubwezera kope litang'ambika, ankamwetulira, masana n'kukana chakudya. Mkwiyo wonse umene ankaumeza unkakathera pa mbale.

Thupi linayamba kudandaula. Unafika Okutobala, mwezi umene malata a m'Mtendere amatentha ngati chiwaya, koma Mwiche ankavala juzi. Tsitsi linkatsala m'chipeso. Akasenza chigubu pampopi, m'maso munkachita mdima. M'kalasi ankawerenga mzere umodzi katatu osaumva.

Woyamba kuona anali Towera, mnzake wa layinapu wa ku Kalikiliki, mtsikana wamfupi amene pakamwa pake sipankapuma.

"Iwe, kusala kwako kwapitilila na kwa ba Pasita," anatero tsiku lina akuweruka kusukulu. "Ufuna ukafike kumwamba patsogolo pa ise?"

Anamutambasulira chitumbuwa chotentha papepala.

"Nadya kale."

"Wadya kuti? Mu maloto? Nili na iwe kuchoka m'mawa."

"Nili chabe bwino, Towera."

Towera anadya chitumbuwacho yekha, koma maso ake sanachoke pa mikono ya mnzakeyo.

3. Pabwalo la masitepe

Loweruka masana, kutatsala milungu iwiri, layinapu inasonkhana pabwalo la simenti kuseri kwa nyumba ya ba Betty. Sipika inali pawindo. Ba Betty anaima kutsogolo, thaulo lili paphewa.

"Wani, tuu, tembenuka! Wani, tuu, tembenuka! Mwiche, nyamula mwendo! Uvina monga ukupita ku malilo!"

Pa kutembenuka kwachitatu Mwiche anakomoka. Anagwa chammbali pa simenti. Wina anathimitsa nyimbo. Towera anathamangira kapu ya madzi n'kumuwaza kumaso.

Atatsegula maso, mawu ake oyamba anali akuti, "Pepani, ba Anti."

"Ni dzuwa chabe," anatero ba Betty. "Mupatseni madzi. Tapuma. Lowani mukayese madiresi."

Diresi la Mwiche linatseka mosavuta. Linkakhwepa m'chiuno, ndipo paphewa linkatsetsereka. Ba Betty anamuzunguliza ngati chidole cha m'sitolo.

"Onani! Uyu ndiye mwana womvela. Ninamuuza kamozi chabe. Osati imwe bena, vitumbuwa na machipisi tsiku na tsiku." Anatsina nsalu yotsala m'chiuno. "Manje lakula. Pita nalo kwa bana Kombe bakalichepeseko. Nizakupeza kwamene kuja, nifuna kukatenga mabowutayi ya pakhosi ya banyamata. Ukapitiliza so, nizakuika kutsogolo kwa laini."

Kutsogolo kwa laini ndi malo amene mtsikana aliyense wa layinapu amawafuna. Ndi amene amalowa woyamba m'holo, makamera onse ali pa iye.

"Ee, ba Anti," anatero Mwiche.

Towera anatsonya. Anatenga pulasitiki ya diresi n'kunena kuti aperekeza Mwiche.

4. Zala zitatu

Bana Kombe, kutanthauza amake Kombe, anali telala wa pamsika wa Mtendere. Ankasokera m'kachipinda ka malata, pa makina opalasa ndi phazi. Anali mayi wachikulire, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Ndiwo anasoka madiresi onse a layinapu, ndiponso ndiwo anasoka yunifolomu ya Mwiche mu Januwale. Miyezo ya munthu aliyense ankailemba m'kope lakale.

"Ba Anti bakuti mulichepeseko," anatero Mwiche.

Bana Kombe anayang'ana diresi, kenako anayang'ana Mwiche. Anamuzunguliza tepi m'chiuno. Anatsegula kope, n'kufufuza tsamba la Januwale. Anamuyezanso kachiwiri. Anavula magalasi.

"Wadwala?"

"Awe."

"Sakudya, bana Kombe!" Towera anaphulika. "Miyezi ibili manje. Lelo wagwa pa masitepe monga saka ya makala." Anafotokoza zonse, za Elesi, za zipi, za chikhatho cha pachiuno.

Bana Kombe anatembenuza diresi, mkati kukhala kunja, n'kuliyala pa makina.

"Bwela kuno. Ika zala zako apa."

Mwiche anaika zala pa msoko wa m'mbali. Mkati munali nsalu yopindidwa bwino, yotambalala zala zitatu. Mbali inayo munalinso chimodzimodzi.

"Ine nasoka malayinapu zaka makumi yabili," anatero bana Kombe. "Sinidula diresi la mtsikana popanda kusiya nsalu mkati. Batsikana bamakula. Bena bamachoka, bena bamalowa. Ili diresi nikanalikulitsa tiyi wanga asanazizile. Koma palibe anabwela kuniuza kuti likuthina. Iwe unaona chapafupi kudula thupi lako kusiyana na kutsegula pakamwa."

Mwiche anasisita msokowo ndi zala.

"Zipi inatseka liti?" anafunsa bana Kombe.

"Mwezi wapita."

"Nanga n'chifukwa chani sunayambe kudya?"

"Sinidziwa."

"Ine nidziwa. Khalani pansi, nonse babili."

Anakhala pabenchi la makasitomala.

"Ninakwatiwa nili na zaka naintini, ku Chingola, m'nyumba ya bapongozi. Ninali monga iwe. Chapa ivi, ee. Usapite kwanu, ee. Usayankhe bamuna bako olo bakutukwane, ee. Tsiku lina ninangoleka kudya. Palibe ananiletsa. Bananitamanda kuti mpongozi uyu samaliza ndiwo. Ine ninali kumvela bwino mumtima, chifukwa pa mbale pokha ndiye ninali bwana. Ninauka nili m'chipatala, botolo la madzi lili pa dzanja. Mtima unali pafupi kuima. Ona."

Anatsegula pakamwa n'kuloza mpata wa mano awiri a m'mbali.

"Aya sanachoke na ukalamba. Nesi wina, mayi wokalipa, ananiuza kuti, mbale sinakulakwile, pita ukakambe na bamene banakulakwila. Ninadana naye tsiku ija. Lelo nimamupemphelela.

"Mvela bwino, mwana wanga. Mtsikana akaletsedwa kukana na pakamwa, amakana na mimba. Koma njala yako palibe amaimvela. Ba Betty bakudya bwino, bakugona bwino. Wamene anakung'ambila kope sadziwa kuti sunadye. Chilango chonse chigwela iwe, wamene sunalakwe.

"Banakuphunzitsa kuti ulemu ni kukhala chete. Ni boza. Ulemu ni kupeleka moni, kulandila na manja yabili, kugwada pamaso pa bakulu. Ulemu si kulola munthu akupimile thupi. Ungakane uli chogwada. Mawondo pansi, mawu poyela.

"Ndipo usabisale kuseli kwa pemphelo. Aya ni matenda, ndipo yamapha. Lolemba upite ku kiliniki na bamako, ukakambe vonse kwa banesi, osasiya olo chimozi. Sivitha na tsiku limozi. Ine vinanitengela chaka."

Anavalanso magalasi.

"Ili diresi sinizachepesa. Nifuna kulikulitsa lifike pa muyezo wako wa Januwale. Koma mwini wa mawu ni iwe. Ba Betty bakafika, ine nizakhala zii. Na iwe Towera, utseke pakamwa."

"Ine?" anatero Towera. "Nizayesa. Koma ngati nakomoka, muniwaze madzi."

5. Mawondo pansi

Pasanapite nthawi ba Betty anafika, akudzipepesa mphepo ndi thaulo. Anaona diresi lili chitembenuzire pa makina.

"Simunayambe, bana Kombe? Masiku yatha!"

Bana Kombe anapitiriza kulowetsa ulusi pa singano. Towera anadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Mwiche anadzuka pabenchi. Anagwada pa simenti, pakati pa tizidutswa ta nsalu.

"Ba Anti, nili na mawu."

"Kamba, nili pa changu."

"Diresi sibazachepesa. Nifuna balikulitse."

"Ati chani?"

Mwiche sanabwerere m'mbuyo.

"Linali kunithina tsiku loyamba, ine sininakambe. Munanimenya pachiuno pamaso pa banzanga, bonse banaseka. Vinanipweteka. Kuchoka apo ninaleka kudya. Kusala kuja ni boza. Lelo sininagwe chifukwa cha dzuwa."

Ba Betty anagwira m'chiuno.

"Iwe Mwiche? Mwana wa malemu mlongo wanga, ukuniyankha ine pa msika? Ndani wakuphunzitsa?" Anatembenukira Towera. Towera anapukusa mutu, manja ali pakamwa pomwepo.

"Ni mawu yanga, ba Anti."

"Chabwino. Ukakana, uchoka pa layinapu. Batsikana ni bambili mu Mtendere. Kutsogolo kwa laini nizaika wina."

Mwiche ankamufuna gule ameneyo. Masitepe onse anali atawagwira, ndipo Chilekwa anali msuweni amene anamubereka kumsana ali khanda. 

"Nifuna kuvina pa ukwati wa ba Chilekwa. Nifuna na mtima wonse. Koma ngati kuvina ni kuchepa, nichotseni. Sinizachepa futi."



Ba Betty ankadziwa kuti palibe mtsikana amene angaphunzire magule asanu pa milungu iwiri. Anamuyang'ana mwanayo atagwada, ndipo kwa nthawi yoyamba sanayang'ane chiuno. Anaona mafupa a m'khosi atatuluka pamwamba pa juzi. Anaona mikono yoonda ngati ya mwana wa giredi 3. Anayang'ana kumbali.

"Lizakhwepa monga saka," anatero, mawu atatsikako.

"Nizamanga lamba," anayankha Mwiche. "Diresi linilindile. Nizalipeza."

"Vidutswa va mabowutayi vikwana lamba," anatero bana Kombe, maso ali pa singano.

Ba Betty analanda pulasitiki ya mabowutayi patebulo.

"Chitani vamene mufuna. Loweluka teni koloko, osachedwa. Koma nkhani iyi ifika kwa bamako lelo lamene. Banachitila umboni m'tchalitchi chifukwa cha iwe."

Anatuluka, nsapato zikugogoda.

Towera anachotsa manja pakamwa n'kupuma mwamphamvu.

"Mayo ine! Mwiche ali na lilime! Zaka zonse izi unalibisa kuti, mu thumba ya yunifolomu?"

Mwiche anaseka. Analephera kudzuka mpaka Towera anamukoka dzanja.

Bana Kombe anapatsa Mwiche lezala.

"Masula msoko wekha. Pang'onopang'ono, usadule nsalu."

Mwiche anadula ulusi woyamba. Msoko unatseguka, nsalu yobisika ija n'kutambasuka, yowala kuposa yakunja chifukwa inali isanaonepo dzuwa. Anamasula mbali yonse, kenako inayo.

Atamaliza, bana Kombe anatsegula kabakuli kawo ka masana. Munali mbatata yophika. Anaibenthula pakati n'kumuikira m'manja.

Mwiche anaiyang'ana nthawi yaitali. Kukana ba Betty kunali kovuta, koma ichi chinavuta kuposa. Analuma pang'ono. Kukhosi kunakana. Anamwa madzi, n'kulumanso. Anatenga nthawi imene wina akanadyera mbale yonse, koma chibenthucho chinatha.

Bana Kombe sanaombe m'manja.

"Lelo yakwana," anatero. "Mawa futi. Lolemba kiliniki. Nizafunsa."

6. Nsapato pakhomo

Dzuwa linali litapendeka pamene atsikana awiriwo anafika kunyumba kwa Mwiche. Pakhomo panali nsapato zazitali za ba Betty, pambali pa mapatapata a amayi ake. Mkati munkamveka mawu aakulu aja, ndi mawu ena aang'ono oyankha mwapatalipatali.

"Nilowe na iwe?" anafunsa Towera monong'ona. "Pakamwa panga papumula, pali na mphamvu."

"Awe. Nizakamba nekha."

"Shuwa?"

"Shuwa. Ubwele Lolemba m'mawa, unipelekeze ku kiliniki."

Towera anamufinya dzanja n'kubwerera ku Kalikiliki.

Katani ya pakhomo inasuntha. Amayi ake anaima pamenepo, chitenje cha ku msika chili m'chiuno, Baibulo lili m'manja. Maso awo anali ofiira.

"Mwiche. Ni zoona vamene bakukamba ba Anti bako? Unanamiza ine, unanamiza na mpingo wonse?"

Kumbuyo kwawo ba Betty anali atakhala pampando, manja atapinda. Patebulo panali mbale ya Mwiche, yovindikira ngati masiku onse.

Mwiche anavula nsapato zake n'kuziika pambali pa za ba Betty. Analowa.

"Ni zoona, bamayo," anatero. "Khalani pansi. Nili na vambili vokamba, ndipo sininayambe."